Za Zopereka za pa Masika

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mipingo ya ku Chileka ndi ku Lirangwe isonkhana pa Sabata la Masika, anthu atasenza madengu a chimanga, nandolo ndi mbatata. Tsono pali funso loyenera kuliweruza akulu a mpingo asanalengeze tsikulo: kodi malamulo a Mose onena za zopereka za pa madyerero atimanga ife Akhristu, kapena anatha?

Nsembe za mwazi zinathadi. Pa Numeri 29 tiwerenga kuti pa madyerero a misasa anapha ng'ombe zamphongo 13 tsiku loyamba, nachepsa imodzi tsiku ndi tsiku kufikira 7, zonse pamodzi 70. Zimenezo Ahebri 10 atiphunzitsa kuti Khristu anazitsiriza podzipereka kamodzi. Ndipo Kachisi mwini anagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70. Koma muyeso umene Mulungu anayesa nawo wopereka sunagwe pamodzi ndi miyala ija.

Muyesowo uli pa Deuteronomo 16. Katatu pa chaka Aisrayeli anaonekera pamaso pa Yehova, osati manja okha, koma yense molingana ndi zimene anadalitsidwa nazo. Ngakhale pa nsembe ya uchimo, Levitiko 5 alola wosauka kudza ndi njiwa ziwiri, ndi wosaukitsa kudza ndi ufa. Amayi wa Ambuye wathu anapereka njiwa zomwezo. Nanga ife, abale, tichitanji? Dziko lathu lino lotsikira ku Shire n'lotentha, mvula yake njosakhulupirika. Njala ya 1949 inapha anthu m'boma lino la Blantyre, ndipo chilala cha 2024 chinapsereza minda yambiri. M'chaka chotere, mpingo ukawerenga maina ndi matumba poyera, mudzi kupikisana ndi mudzi, mayi wamasiye wokhala ndi nsengwa imodzi ya nandolo atsala kunyumba chifukwa cha manyazi. Ine ndiyesa kuti pamenepo wolakwira lamulo ndiye mlembi wowerengayo, si mayiyo ai. Mainawo alembedwe m'buku la mpingo, kuti chuma chisasowe; koma kuwafuula pa guwa kulekeke.

Lamulo lomwelo limluma wolemera. Malaki anadzudzula ansembe olandira nyama zakhungu ndi zopunduka, nawafunsa ngati kazembe akadazilandira. Chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe, ndi nkhuku yoyamba kusinza ndi chitopa, ndizo nyama zopunduka za masiku ano. Makolo athu, amene sanawerenge Malaki, pothira nsembe pakachisi sanatape madeya.

Chotsala ndicho chachikulu: zoperekazo zipita kuti? Chaputala chomwecho cha Deuteronomo chitchula oyenera kukondwera pa madyerero, ndiwo antchito, Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Ndipo nchodabwitsa kuti pakati penipeni pa mndandanda wa madyerero, pa Levitiko 23:22, paikidwa lamulo la kusiya m'mphepete mwa munda ndi khunkha kwa osauka. Kwa ife mwambo wafala wa kugulitsa zonse tsiku lomwelo pabwalo la tchalitchi, nthawi imene mtengo wa chimanga uli pansi, ndalama nizipita ku malata ndi njerwa. Sindinyoza malata, pakuti mbusa ayenera kudya monga Mlevi anadya, ndi nyumba ya Mulungu isadonthe. Koma pofika February wogula uja agulitsa chimanga chomwecho pa msika wa Lunzu mtengo utakwera, ndi mayi amene anachisenza m'dengu sakhoza kuchiombola.

Chifukwa chake ndipempha akulu kuti Masika a chaka chino apatule gawo lina lisanagulitsidwe kanthu, nalithire mankhwala, nalisunge m'manja mwa madikoni ndi amayi a Mvano, amene adziwa makomo osafuka utsi. Ligawidwe mu January ndi February, mwakachetechete, osawerenga maina a olandira.