Usanalipire App, Dzifunse: Ndalama Iyi Ndidzaiyankha Bwanji?

 Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (SAW).

Lero ndiyamba ndi kudziulula ndekha. Mwezi wathawu ndinaika app ina ya Chisilamu pafoni panga. Inali ndi zonse: nthawi za swala, adhana, Qur'an, ma duwa, ngakhale kuloza Qibla. Inati ndiyese ulere kwa masiku 7. Ndinalowetsa manambala a khadi, basi n'kuiwala. Masikuwo atatha, ndili padoko pa Kachulu kudikira matemba okagulitsa ku Zomba, uthenga unalowa: ndalama yadulidwa, ya chaka chathunthu. Inali ndalama yoodera nsomba. Ndinabwerera kunyumba dengu lili mbee. Palibe anandibera ayi. Zonse zinalembedwa, ine ndi amene sindinawerenge.

Zitandiwawa choncho, ndinaganiza zoyesa ma app angapo, olipira ndi aulere, kuti ndione chomwe timagula kwenikweni.

Nthawi za swala zimatsatira dzuwa. App imangowerengetsera potengera malo omwe uli, ndipo yaulere imachita masamu omwewo. Qibla kuchokera kwathu kuno ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Agogo athu anamanga mizikiti moloza kumeneko foni kulibe. Komanso kampasi ya m'foni imasokonekera ukayandikira malata kapena chitsulo. Qur'an nayo ilipo yaulere: Quran for Android ilibe zotsatsa malonda, ndipo ukatsitsa kamodzi umawerenga popanda bandulo. Tsiku la mwezi wa Chisilamu lomwe app imaonetsa ndi lowerengetsera chabe. Kuyamba Ramadhan ndi tsiku la Eid timadikira kuoneka kwa mwezi ndi chilengezo cha mashehe athu, osati foni.

Koma musaganize kuti chilichonse chaulere chilibe mtengo. Ma app ambiri aulere amadya bandulo ndi zotsatsa malonda, ndipo zithunzi zina zimatulukira pakati pa ma aya, zoti sungazionetse kwa mayi ako. Ena amatenga mbiri ya malo omwe umayenda. Mu November 2020, atolankhani a Motherboard analemba kuti mbiri ya malo a anthu ogwiritsa ntchito Muslim Pro inkapita ku kampani ya X-Mode, yomwe inkagulitsa mbiri zotere kwa makampani ogwira ntchito ndi asilikali a ku America. Eni app anakana kuti anagulitsa kwa asilikali, koma anathetsa mgwirizano wawo ndi kampaniyo. Ndiye app ikapempha kuona manambala a anzako kapena zithunzi zako, dzifunse: adhana ikufuna chiyani m'zithunzi zanga?

Kodi ndiye kulipira app ndi haramu? Ayi ndithu. Amene anaipanga anakhetsa thukuta, ndipo Chisilamu chimatiphunzitsa kulipira wantchito mwachangu. N'chifukwa chake kutumizirana ma app othyoledwa kuti tisalipire si njira ya Msilamu. Ngati app ikukuthandiza kuloweza Qur'an tsiku ndi tsiku, kukonzekera MSCE, kapena kulemba bwino ngongole za makasitomala ako a makumba ndi milamba, ndipo kunyumba ufa ulipo, lipira ndi mtima woyera. Vuto ndi kulipira chinthu chomwe utsegula kawiri n'kuchiiwala. Umenewo ndiye israf, kumwaza chuma. Mu Surat Al-Isra, aya 26 ndi 27, Allah akutiletsa zimenezi mwamphamvu mpaka kuwaika omwaza chuma mbali imodzi ndi asatana. Mu Surat Al-Furqan, aya 67, akuyamikira akapolo Ake omwe amaima pakati, osamwaza komanso osaumira.

Ife a m'mbali mwa Chilwa tiyenera kumva zimenezi kuposa wina aliyense. Nyanja yathuyi inauma mu 1995, inaphwanso mu 2018. Akuluakulu amakumbukira mabwato atagona pamatope osweka, anthu akuyenda wapansi pomwe kale ankapalasa. Rizq ya lero si chitsimikizo cha mawa. Onjezerani apa kuti ma app ambiri mitengo yake ili m'madola. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. App sinasinthe, koma matemba oti ugulitse kuti uilipire anachuluka.

Pali ma app ena oti sitifunika n'komwe kuwayesa. Kandege ka kubetcha kaja ndi juga, ndipo Surat Al-Ma'idah, aya 90, inatseka nkhaniyo. Ngongole ya pafoni yomwe umabweza ndi chiwongoladzanja ndi riba, katapira yemweyo, kungoti wavala malaya atsopano. Tonse tikudziwa mnyamata wina amene anagulitsa ukonde kapena njinga chifukwa cha "kamodzi kokha aise". Tisamuseke. Timufikire, tikhale naye pansi.

Mu hadith yomwe anailandira Imam Tirmidhi, Mtumiki (SAW) anatidziwitsa kuti pa tsiku la Qiyamah chuma chili ndi mafunso awiri: njira yomwe chinabwerera, ndi njira yomwe chinapitira. Ambirife funso loyamba timalisamala. Lachiwirili ndi lomwe limatipulumuka pa chala chimodzi chodina foni.

Choncho usanadine batani lolipira, dzifunse zinayi. Kodi ndi halali? Kodi palibe yaulere yodalirika yochita zomwezo? Kodi sabata yathayi ndaigwiritsa ntchito kangati? Kodi ndalama iyi siili ndi mwini wake kale, kaya mayi, mkazi, mwana wa kumadrasa, kapena amene ndili naye ngongole?

Usiku uno tikaswali Isha, tsegulani Play Store, pitani pa Subscriptions, muone zomwe zikukudulani mwakachetechete. Zosafunika zithetseni. Ine ndathetsa kale yanga ija. Adhana ndikuimva kuchokera kumzikiti kwathu, ndipo muadhini wathu sanandipemphepo khadi.

Allah atidalitsire rizq yathu, atiteteze ku israf, juga ndi riba, ndipo atifewetsere mafunso a tsiku lomaliza. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullah.