Zimene agogo anatisiyira ku Migodi: mfundo zisanu ndi ziwiri

Agogo anga obereka amayi sankadziwa chaka chimene anabadwa. Ankangonena kuti pamene anyamata a kwawo ku Katete, kum'mawa kwa Zambia, ankatengedwa kupita ku nkhondo ya Hitler, iwo anali atayamba kale kusenza mtsuko osaugwirira. Tikawerengera pamenepo, anatisiya atapyola zaka 90. Zambiri mwa zakazo anakhala ku Migodi: poyamba ku Wusakile, mumzinda wa Kitwe, kumene agogo aamuna ankalowa pansi pa mgodi wa Nkana, kenako ku Chifubu, ku Ndola, kwa mwana wawo wamkazi atamwalira amuna awo. Sanalandirepo malipiro a pamwezi moyo wawo wonse, koma komboni yonse inkadziwa khomo lawo. Nazi zimene ndinatola powaona.

1. Mudzi wa eni umasanduka wako ukayamba kulira nawo maliro ake.

Agogo anafika ku Kitwe ufulu wa Zambia wa 1964 usanabwere, ali mtsikana wongokwatiwa kumene, osadziwa ngakhale moni wa Chibemba. M'komboni ya mgodi munali anthu a ku Luapula, a ku Kasama, a ku Nyasaland, a ku Tanganyika, Alozi, ndi Alamba eni nthaka. Akazi ena a kum'mawa ankangocheza okhaokha, maso ali kunjira, kudikira tsiku lobwerera kumudzi. Agogo ayi. Akangomva kuti nyumba yakuti kwagwa zovuta, ankamanga chitenje, kunyamula mbaula ndi mthiko, ulendo. Chibemba anachiphunzirira komweko, pakati pa utsi ndi miphika ya pamaliro, ndipo mpaka kukalamba ankachiyankhula ndi lilime la Chichewa, anzawo n'kumagwa nako kuseka.

Anapezanso mwambo umene unawatsegulira makomo: chimbuya, chibale cha nthabwala cha pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa. Akamwalira Mbemba, a kum'mawa ndiwo amatanganidwa, kuphika, kutunga madzi, kupaka ofedwa ufa kumaso ndi kuwagemula kuti chisoni chipepuke. Mawa akagona wa kum'mawa, Abemba amabweza. Ndi ntchito ija kwathu amagwira adzukulu. Mwambo umenewu unathandiza anthu a zilankhulo zosiyana kuikana m'manda mwaulemu kutali ndi kwawo, ndipo agogo anaugwiritsa ndi manja awiri.

2. Dzanja limene likukudyetsa lero likhoza kupuwala.

Amene anakulira m'nyumba za mgodi amakumbukira. Kampani inkapereka nyumba, madzi, magetsi, chipatala, mabwalo a mpira, ndipo ZCCM, kampani ya migodi imene inapangidwa mu 1982, inkamutenga munthu pobadwa n'kukamusiya atalowa m'bokosi. M'masiku amenewo agogo anali ndi dimba kudambo, kunja kwa komboni: nkhwani, kholowa, mbatata, chimanga chachiwisi. Analinso m'chilimba cha amayi asanu ndi mmodzi, aliyense kusonkha pakutha pa mwezi, mmodzi n'kutenga zonse. Anzawo ena ankawanena kuti mkazi wa munthu wa pamgodi sayenera kuoneka ndi khasu ngati wa kumudzi. Iwo ankangoyankha kuti, "Mgodi si malume ako."

Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 ndipo unatenga zaka zambiri osadzuka. Mu December 1986 boma litachotsa thandizo lake pa ufa woyera, mtengo unakwera kuposa kawiri, anthu a ku Kitwe ndi ku Ndola anathamangira m'misewu, masitolo anaswedwa, ndipo anthu 15 anafa. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale a ku Ndola anatsekedwa limodzilimodzi. Pofika 2000 migodi inali itagulitsidwa, Nkana n'kupita m'manja mwa kampani ya Mopani, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kunyumba ndi kalata m'manja. Sindikunena kuti dimba lingalowe m'malo mwa ntchito. Bambo wochotsedwa ntchito sachira ndi mtolo wa nkhwani. Koma munthu amene ali ndi kakekake ndiye amatha kupatsa mnzake, ndipo ndiwo zambiri zimene zinkadyedwa mumzere wa nyumba zathu zaka zimenezo zinkachokera mu dengu la agogo.

3. Chifundo chimakhala m'manja ndi m'mapazi.

Apa ndiye pagona moyo wawo. Edzi itafika ku Migodi, inapeza anthu atafooka kale ndi umphawi. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi matendawa, koma m'makomboni anthu anapitiriza kunong'ona, ena kumati ndi ufiti, ena kumabisa odwala kuchipinda chakumbuyo. Zipatala zinadzaza, anthu n'kumabwezedwa kuti akafere kunyumba. Dayosizi ya Katolika ya Ndola, pa nthawi ya Bishopu Dennis de Jong, inayambitsa ntchito yosamalira odwala m'makomo mwawo, ndipo buku la 1999 lotchedwa Under the Mupundu Tree linalemba za anthu odzipereka oposa 500, ambiri mwa iwo amayi, amene ankagwira ntchitoyi m'makomboni a ku Migodi. Agogo anali mmodzi wa amayi otere, ngakhale anali kale ndi imvi.

Ndinawaperekezapo ndili mwana, nditanyamula chigubu. Tinalowa m'kanyumba ka mdima mmene munagona mayi wina wachitsikana, woonda mpaka mawondo kukula kuposa ntchafu. Fungo la m'menemo linandibweza pakhomo. Agogo sanakwinye nkhope. Anatsegula zenera, anatenthetsa madzi pambaula n'kuwayesa ndi chigongono. Magolovesi anali atatha, choncho anavala timapepala ta pulasitiki m'manja n'kutimanga ndi mphira m'mikono. Anamusambitsa pang'onopang'ono, kuyambira kumaso, atamufunditsa chitenje mbali imene sanafikeko kuti asachite manyazi. Anamutembenuza, kumupaka mafuta pamsana pamene zilonda zinayamba, kuchapa nsanza zonse n'kuziyanika padzuwa. Kenako anaphika phala la nsinjiro lamadzimadzi n'kumamumwetsa ndi supuni yaing'ono, kudikira kuti ameze, chifukwa m'kamwa munali zilonda. Pomaliza anaitana mng'ono wake wa wodwalayo, amene anali chiimire panja. "Mwana wanga, bwera uone mmene ndikugwirira. Mawa usambitsa ndiwe. Sungatenge matenda pomugwira dzanja mkulu wako."

Ichi ndicho chinkandigometsa nditakula: sankafuna kuti banja lizidalira iwo. Ankaphunzitsa, n'kubweranso kudzaona ngati zachitika. Kwa odwala chifuwa chachikulu ankafika m'mamawa, kuima pomwepo mpaka mapiritsi atamezedwa, popeza ambiri akayamba kupeza bwino ankasiya mankhwala miyezi yake isanakwane, matenda n'kubwerera mwaukali. Pemphero linalipo, ndithu, koma linkabwera beseni litatsanulidwa kale.

4. Zimene waona kuchipinda kwa wodwala zimatsala komweko.

Pa mpopi wa madzi amayi ankawakola ndi mafunso: kodi mwana wa uje akudwala chiyani, kodi ndi zomwezi? Yankho linali limodzi nthawi zonse: "Akudwala, kamuoneni." Ife a m'nyumba mwawo sitinamvepo dzina la matenda a munthu kuchokera pakamwa pawo. N'chifukwa chake makomo amene ankatsekedwa ena akamadutsa ankatseguka iwo akagogoda.

5. Kukoma mtima kopanda kulimba mtima kumasiya amasiye pabwalo.

Imfa zija zinabweretsa chilombo china: achibale a mwamuna kubwera ndi galimoto maliro asanathe n'komwe, kunyamula mipando, firiji, bedi, mapoto, nthawi zina ndi nyumba yomwe. Zambia inakhazikitsa lamulo mu 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira osasiya wilo: magawo 50 pa 100 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo a malemu, ndipo 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Agogo sankatha kuwerenga, koma manambala amenewa anawaloweza atawamva ku msonkhano wa amayi, ndipo ankawatchula ngati mayina a zidzukulu zawo.

Tsiku logawa katundu ankakhala pansi pafupi ndi khomo, miyendo atatambasula, n'kumamvetsera. Akaona kuti zinthu zayamba kupendekeka, ankaomba m'manja mwaulemu. "Atate, pepani ndilowererepo. Mbale izi mukazitenga, ana a mbale wanuwa adyera pati? Boma linati theka ndi la ana. Tiyeni tiwerenge bwino tonse tili pano." Sankakweza mawu, sankatukwana. Ena ankachita manyazi n'kutsitsa katundu. Ena ankawatcha nkhalamba yolowerera za eni, n'kunyamulabe. Zikatero ankaperekeza wamasiyeyo kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, iwo patsogolo. Sanapambane milandu yonse. Koma ndikudziwa anthu amene lero ndi aphunzitsi ndi anamwino, amene anakulira m'nyumba za abambo awo chifukwa nkhalamba ina inakana kusuntha pakhomo.

Ana amene analibiretu kolowera ankabwera kwathu. Nsima inali ya m'mbale imodzi, ndipo mlendo sakanatha kuloza kuti mdzukulu weniweni ndi uti. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: ambiri timangonena, iwo ankaphika.

6. Yunifolomu ya mpingo si mpanda.

Agogo anali a Chigwirizano cha amayi mu mpingo wa Reformed Church in Zambia, ndipo yunifolomu yawo ankaisita ndi ayironi ya makala mpaka kuwala. Koma m'gulu lawo loyendera odwala munali Akatolika, a mpingo wa UCZ, a Pentekoste, ndipo mankhwala ankakatenga kwa asisitere. Wodwala sankamufunsa kumene amapemphera. Wina atawadandaulira kuti akutaya nthawi ndi munthu amene sanapondeko m'tchalitchi, anamufunsa ngati zilonda za munthuyo zikununkha mosiyana ndi za mkhristu.

7. Wosamalira ena nayenso amatopa, ndipo kumuyamika pakamwa sikokwanira.

Mfundo iyi ndi imene imandiwawa. Mu 2002 boma linayamba kupereka mankhwala a ma ARV pa zipatala ziwiri, UTH ku Lusaka ndi Ndola Central, ndipo mu 2005 anakhala aulere m'zipatala za boma. Anthu amene tinkawawerengera masiku anadzuka, ananenepa, anabwerera kumsika wa Masala ndi wa Chisokone kukagulitsa. Agogo anavina tsiku limene mayi wina amene ankamusambitsa anabwera yekha wapansi kudzawapatsa moni. Koma zaka zonse zija mankhwala asanabwere, mtolo umene unayenera kusenzedwa ndi zipatala unasenzedwa ndi amayi osauka, ambiri a iwo amasiye, ena odwala okha, amene mphotho yawo inali chitenje, ambulera, mwina ndi thumba la soya. Timakonda kuwatcha anthu a mtima wabwino, ndipo analidi otero. Koma mawu okomawo asatiphimbe maso: inali ntchito, yolemetsa ndi yoopsa, ndipo palibe penshoni imene inatsatira.

Mawondo a agogo anatha ndi misewu ya Chifubu. Zaka zawo zomaliza sankatha kufika ngakhale kuchimbudzi popanda wowagwira, ndipo chinawavuta kwambiri chinali kulandira. Munthu amene anasambitsa komboni yonse ankakana kusambitsidwa, ankabisa ululu, ankati ena akuvutika kuposa iwo. Amene anawagonjetsa anali mng'ono uja wa wodwala wa m'kanyumba ka mdima, tsopano mayi wa ana ake. Anafika ndi beseni lake, anayesa madzi ndi chigongono, n'kunena kuti, "Ambuya, munandiphunzitsa ndinu. Lero mukhale chete." Anaseka mpaka kutsokomola, n'kulola.

Si onse anzawo amene anapeza mwayi wotere. A gulu lija amene akali moyo akukalamba ku Chifubu, ku Chipulukusu, ku Twapia, ku Chimwemwe ndi ku Buchi. Ambiri akulerabe zidzukulutubzi, ambiri ali ndi BP ndi shuga, ndipo chimene chimawasowa kawirikawiri ndi ndalama ya minibasi yopitira ku kiliniki tsiku lotenga mankhwala, ndi munthu wowagwira mkono pokwera. Mayina awo sali pa chipilala chilichonse, koma mukafunsa kwa amayi a mpingo uliwonse m'makomboni amenewa, akulozerani nyumba zake.