Cikho Cimodzi ca Madzi

Anthu ambiri amati kupatsa ndi nchito ya olemera, ndipo wosauka akamana mnzace alibe mlandu. Inenso ndinali kuganiza comweco, kufikira tsiku limene ndinaimirira pamphepete pa thamanda lina la mcere, kutali ndi kwathu.

Ine ndine kalaliki wa boma, ndipo ndikhala pafupi ndi msika wa Soweto mu Lusaka. Akuru a nchito ananditenga kukalemba mau a msonkhano ku Moroni, mzinda waukuru wa Comoros. Dzikoli ndi la zisumbu zokhazokha, pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ndipo linalandira ufulu wace kwa Afalansa mu 1975. Cisumbu cacikuru dzina lace ndi Ngazidja, ndipo pali phiri lamoto, Karthala, lalitali mamita oposa 2,300.

Msonkhano utatha tinakwera galimoto kunka kumpoto, kupitirira Mitsamiouli, ndipo tinafika pa Lac Salé, ndiko kunena Nyanja ya Mcere. Ndi dzenje lalikuru lozungulira ngati mtondo, limene kale linali kamwa la moto wa pansi pa dziko. M'kati mwace muli madzi obiriwira, ongoti zii, koma kuseri kwa khoma la miyala yakuda mafunde a nyanja yaikuru ali kugunda.

Mkuru wina wa komweko anatiuza nthano ya malowo. Kale pamenepo panali mudzi. Tsiku lina kunafika mlendo wa ludzu, napempha madzi khomo ndi khomo, koma onse anammana. Nkhalamba imodzi yokha yaikazi inampatsa. Mlendoyo anaiuza kuti icokemo msanga, ndipo itacoka, nthaka inameza mudzi wonse.

Poyamba ndinati mumtima, “Anthu oipa amenewo!” Koma ndinamva pambuyo pace kuti pa Ngazidja palibe mtsinje woyenda caka conse. Mvula imagwa yambiri, koma imalowerera m'miyala ya ziboo, kotero kuti mabanja ambiri amasunga madzi a mvula m'zitsime zomanga. Mu 2005 Karthala anataya phulusa, naononga madzi a m'zitsimezo, ndipo anthu ambiri anasowa comwa. Tsono amene anamana mlendo uja sanali zirombo ai. Anali amai owerengera madzi a ana ao. Kodi analakwa?

Funso ili linandibweza kwathu, pakuti ndinakumbukira mlandu wanga. Mu 2024, caka ca cirala cimene boma linati ndi tsoka la dziko lonse, mnyamata wokankha wilibala pa Soweto anagogoda pakhomo panga dzuwa liri pamutu. Anati, “Atate, ndipatseniko madzi akumwa.” Ndinayankha, “Pepani mwana wanga, lero pa mpope pauma.” Mau anga anali oona, koma ndinanama, cifukwa kuseri kwa citseko kunali zigubu ziwiri zodzaza. Ndinali kusungira ana anga, monga amai a mudzi uja.

Ndibvomereza kuti mwana wako ndiye woyamba. Munthu wotsanulira alendo mtsuko wonse, ana ace nagona ndi ludzu, sitimtama. Koma onani cimene mlendo anapempha: cikho cimodzi. Mantha sadziwa kuwerenga. Amaona cikho ngati mtsuko, ndi mtsuko ngati citsime, ndipo munthu amamana pang'ono poopa kutaya zonse.

Cinthu caciwiri ndi ici. Nyumba iri yonse ya m'mudzi uja inali ndi cifukwa cabwino, ndipo palibe imene inafuna kuti mlendo afe. Yense anati mnansi ampatsa. Koma zifukwa zabwinozo zitaikidwa pamodzi, munthu akadafa ndi ludzu pakati pa mudzi. Tikati wosauka alibe mangawa kwa mlendo, mlendoyo adzanka kuti? Wokankha wilibala sapita kukagogoda pa mipanda ya ku Kabulonga. Amayenda pakati pa ife, ndipo tikammana ife, wamanidwa ndi onse.

Pali cinthu cimodzi m'nthanoyi cimene sindicikonda. Ingatiphunzitse kupatsa cifukwa ca kuopa cilango, ndipo kupatsa kotere ndi malonda cabe. Nthaka simeza oumira. Ine ndinamana, koma nyumba yanga ikali ciimire. Dzenje lija linakumbidwa ndi moto wa pansi, monga aphunzitsa odziwa za miyala. Ndipo nkhalamba ija sinadziwe kuti mlendoyo ndani, kapena kuti idzapulumuka. Inaona milomo youma, nitunga madzi. Makolo athu anati kupatsa nkuika, koma nkhalambayo inaika osadziwa ngati idzatolanso, ndipo ubwino wace uli pamenepo.

Cimene cimamira tikamana ndi cikhulupiriro cakuti munthu wogogoda adzayankhidwa. Popanda ico, nyumba zingakhale zoyandikana ngati za m'komboni, koma sitingati ndi mudzi. Mawa mwana wanga yemwe adzakhala mlendo pakhomo pa wina.

Mnyamata uja sindinamuonenso, ndipo sindingakonze cimene ndinamcitira. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Cimene ndatha kucita ndi cacing'ono: ndakoleka cikho pa msomali kuseri kwa citseko, pamwamba pa zigubu, ndipo ana anga adziwa nchito yace.