Mlendo ndi mame

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Senga Bay, mwera ukakalipa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, asodzi amakokera mabwato kumtunda, usipa n'kusowa. Wina akati "odi" tsiku lotere, mayi wa pakhomo sadikira kuti nyanja idekhe. Amasenda mbatata n'kuiphika ndi kamchere, ikafewa amathiramo nsinjiro, futali wapsa. Nthochi zakupsa kwambiri, zimene ana ayamba kuzinyoza, amazikanya ndi mgaiwa n'kukazinga zitumbuwa.

Ena amachita manyazi, ati mlendo wa ku Lilongwe wadzera chambo. Koma ine ndaonapo alendo angapo akunyambita zala pa futali, kenako n'kuthamangira minibasi ya madzulo, chambocho osachitchula n'komwe.