Isenzetseni madzi ndege yanu ya waya

Anyamata inu, ndi atsikana omwe, poti masiku ano nawonso akupinda waya: magalimoto anu ndimawaona kuyambira pa Ntaja, pa Liwonde, ku Ulongwe mpaka pa boma pa Balaka, ndipo ena mwayamba kupanga ndege za zitini, makatoni ndi chiwale. Zikuoneka bwino. Koma ndege yongokhala pa zenera kuti alendo aziyamikira siikuphunzitsani kanthu kupitirira tsiku limene munaimaliza. Ndikufuna muitengenso, muing'ambe pamimba, muisandutse ndege yozimitsa moto. Musapange ina yatsopano ayi. Sinthani yomweyo, chifukwa ndi mmene anachitira eni ake a ntchitoyi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndege zambiri zinasowa ntchito. Patapita zaka, zinasowanso ntchito zimphona zotchedwa Martin Mars, zotera pamadzi, za asilikali a panyanja a ku America. Agogo anu ena amakumbukira ndege za mtundu wotera pamadzi, poti za BOAC zinkatera ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950. Mu 1959 makampani a matabwa a ku British Columbia, ku Canada, atatopa ndi moto wowononga nkhalango zawo, anagula Mars zinayi. Anachotsa za m'kati, naikamo matanki, pansi pake naika timipope totunga madzi ndege ikuthamanga pamwamba pa nyanja osaima. Pa masekondi osakwana 30 inkamwa malita 27,000. Ziwiri zinawonongeka msanga, ina pa ngozi mu 1961, ina ndi namondwe mu 1962, koma ziwiri zotsalazo zinagwira ntchito zaka zambirimbiri, ndipo imodzi, Hawaii Mars, inauluka komaliza mu 2024 popita kosungirako zinthu zakale.

Tsono tengani rula. Mapiko a Mars, kuchokera nsonga ina kufika ina, ndi mamita 61. Mukagwirizana kuti mita imodzi ya ndege yeniyeni ikhale sentimita imodzi pa yanu, mapiko anu akhala masentimita 61, ndipo chilichonse, mchira, thupi, mawindo, chitsate muyeso womwewo. Apa ndiye pamagwa ambiri: amayesa mapiko bwinobwino, thupi n'kungoliyerekeza ndi maso. Nanga thanki ikhala ya madzi ochuluka bwanji? Wina afulumira kunena kuti malita 270. Ayi ndithu. Thanki yachepa m'litali, m'lifupi ndi m'kuya momwe, choncho mugawa ndi 100 katatu. Malita 27,000 aja atsala mamililita 27, osadzaza n'komwe masupuni awiri aakulu. Mukapita nazo kwa aphunzitsi anu a masamu akakuuzani kuti ndi zomwe akhala akukulemberani pa bolodi inu mukuwodzera.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti Mars inkanyamula matani 27, n'kuwataya onse m'kanthawi kochepa. Ganizani zimene zimachitika ndege ikapepukidwa mwadzidzidzi chotero. Ngati thanki inali kutsogolo kwambiri, madzi akangotuluka mphuno imadzuka. Ngati inali kumbuyo, ndege imaweramira pansi, kumene kuli moto ndi mitengo. N'chifukwa chake thanki amaiika pansi pa mapiko, pamalo pamene ndege imakhazikika. Malowo mungawapeze nokha. Kolekani ndege yanu ndi ulusi, muzisuntha ulusiwo kufikira ndege italendewera mowongoka. Kabotolo kanu ka pulasitiki kakhale pamenepo. Thiranimo madzi, kolekaninso, khuthulani, kolekaninso. Ikawongoka maulendo onse awiri, mwakhoza. Ikapendama, masulani mphira, sunthani kabotolo, ngakhale zitakutengerani tsiku lathunthu.

Palinso kukhavuka kwa madzi. Amayi anu akamachokera ku Shire kapena ku mjigo ndowa ili pamutu, amaponyamo masamba kuti madzi asamagavire uku ndi uku. Mu thanki ya ndege amaikamo zipupa zogawa madziwo m'zigawo, pa chifukwa chomwecho. Dulani timapulasitiki muike m'kabotolo kanu, mupendeketse, muone kusiyana kwake. Chitseko cha pansi nacho chitseguke msanga ndi kukoka kamodzi kwa waya, chifukwa madzi otuluka modontha amauma ndi kutentha asanafike pamoto.

Musaganize kuti kusintha ndege yakale n'kwapafupi. Mu Juni 2002, ku California, ndege ya C-130 yomwe kale inali ya asilikali inathothoka mapiko onse awiri itangotaya katundu wake pamoto, anthu atatu a m'menemo n'kufera pomwepo. Ofufuza anapeza ming'alu m'zitsulo za mapiko, yobwera ndi ukalamba. Ndegeyo inapangidwira kunyamula katundu m'mwamba modekha, osati kutsika m'zigwa muli utsi ndi mphepo yotentha. Waya wanu wa mapiko naye muunikeni musanamuwonjezere katundu.

Funso lina ndikusiyirani kuti mukakangane pa bwalo. Ndege yotunga yokha ngati CL-415 ya ku Canada, imene imatenga malita opitirira pang'ono 6,000, imafuna madzi otalika kuposa kilomita imodzi, opanda chopinga. Kuno ikanatunga kuti? Mu Shire muli mvuu, mabwato ndi namasupuni. Nyanja ya Malombe ndi yosaya. Chilwa ndiye musanene, anaphwa mu 1995. Mwina kwathu kuno ingayenere ndi ya mtundu wa Air Tractor AT-802, ya banja la ndege zopopera mankhwala m'minda, yonyamula malita pafupifupi 3,000, imene amaithira madzi ili pansi. Achibale anu a ku Joni amaziona, pamodzi ndi mahelikopita achikasu olendewetsa chidebe, a pulogalamu ya Working on Fire yomwe inayamba mu 2003. Akakuuzaninso kuti ndege siizimitsa moto yokha. Imaufooketsa chabe, omaliza ndi anthu apansi ndi zophulira zawo.

Ife ndege zoterezi tilibe, pomwe moto tili nawo chaka ndi chaka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, yang'anani usiku mapiri a Chikala ndi nkhalango ya Liwonde, muona mizere yofiira ikukwera. Motowo suchokera kumwamba. Ndi wa osaka mbewa, owotcha makala, ofula uchi ndi otentha mapesi m'munda n'kupita kukamwa thobwa, ndipo ena mwa osaka mbewawo ndinu amene mukundimvera pano. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Sufunsa kuti udzu uwu anausungira kufolera nyumba ya agogo, kapena kuti mitengo iyi anaibzala ana a sukulu mu Januwale. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa, koma lamulo silingalondere phiri lonse.

Choncho poyesa ndege yanu, machesi asakhale m'thumba. Jambulani kabwalo pamchenga, mangani chingwe kuchokera pa mtengo wa mango kutsikira pa chikhomo, ndege itsetsereke pachingwecho, wina akoke waya wa chitseko. Muona kuti mukatsegula ili pamwamba penipeni pa kabwalo, madzi agwera kutsogolo, chifukwa amapitirira ndi liwiro la ndege. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, mukuika chizindikiro pachingwe, mpaka masupuni awiri aja atanyowetsa pakati. Mukatero kwezani chingwe kuti ndege ithamange kwambiri, muyambirenso.