Silinda Imene Muli Nayoyo, Iyambitseni Ntchito

Makina olukira masokosi angokhala m'bokosi chifukwa manambala akukuzunguzani mutu: 54, 60, 64, 72. Atulutseni lero! Manambalawa akungonena mipata ya singano imene yazungulira silinda. Pa makina amodzi, silinda ya 60 ndi ya 72 kukula n'kumodzi, kungoti pa 72 singano zimathithikana. Nkhani yonse yagona pamenepo: singano zothithikana zimafuna ulusi wopyapyala, zotalikirana zimalola wonenepako.

Tsono yambirani kuphazi. Tengani tepi muyeze pamene phazi latambalala, mmunsi mwa zala. Tinene kuti mwapeza masentimita 23. Sokosi iyenera kuchepako pang'ono kuti igwire phazi, choncho lingani 21. Lukani kachidutswa koyesera, mukachotse pamakina kuti kapume kaye, chifukwa zitsulo zolemera zimene zimalendewera pansi zimachititsa kuti nsalu ioneke ngati yopapatiza. Mukawerenga maluko atatu pa sentimita, ndiye kuti mukufuna 63, ndipo silinda ya 64 ndi yanu. Ya 60 nayo ingakwanitse mukamasulako pang'ono nati yosinthira kukula kwa maluko. Phazi lalikulu la bambo pa ulusi womwewo likufuna 72. Masokosi a mwana, kapena a ulusi wonenepa wa m'nyengo yozizira, amakoma pa 54.

Musanene kuti ndiyembekeze kaye ndigule silinda zonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Muli ndi ya 72 yokha? Zulani singano yachinayi iliyonse, zitsala 54, ndipo sokosi ituluka ya mizere yotamuka bwino. Chimene sindingakulangizeni n'kukakamiza ulusi wonenepa pa singano zothithikana: chopukusira chimalimba, maluko amadumpha, ulusi n'kuduka. Dzanja likayamba kulimbana ndi chopukusira, imani musinthe ulusi.

Kumbukirani amene anakutsogolerani. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali ankawola mapazi m'maenje a madzi ndi matope, ndipo bungwe la Red Cross linadalira anthu wamba opukusa makina ngati awa kuti masokosi ouma afike kunkhondo. Ambiri mwa iwo anali amayi amene anaphunzira ntchitoyo ali pa ntchito pomwepo. Makina a Gearhart a ku Pennsylvania ndi a Legare a ku Canada, opangidwa zaka zoposa 100 zapitazo, ena akulukabe mpaka lero. Inuyo chingakulepheretseni n'chiyani?

Chidendene choyamba chidzakhala ndi mabowo, chimatero kwa aliyense. Sombolani ulusiwo, muukulunge, muyambirenso. Tsegulani kope, mulembe silinda imene mwagwiritsa ntchito, mtundu wa ulusi, pamene nati inaima, ndi mizere imene mwapukusa kuchokera pachidendene kufika kuzala, kuti sokosi yachiwiri ifanane ndi inzake. Mangani makinawo patebulo lolimba, donthezani mafuta m'mipata, kolekani ulusi pasingano, mupukuse.