Za Kupeta Ana Akali Aang'ono

Ku dziko la Russia cisanu cikula kotero kuti madzi auma gwa ngati thanthwe, ndipo pamwamba pace anthu asewera masewera ochedwa hoki. Abvala nsapato za citsulo cakuthwa kunsi, natsetsereka nazo, nakankha kamphira kakuda ndi ndodo zokhota, mbali iri yonse anthu 6. Tsono ife tifuna kulingalira za ana ophunzitsidwa masewerawo.

Makolo ambiri apereka mwana ku sukulu ya hoki ali wa zaka 5 kapena 6. Sukulu zomveka ziri m'manja mwa magulu akuru, monga CSKA ndi Dynamo a ku Moscow. Ana aikidwa pamodzi monga mwa caka ca kubadwa kwao, ndipo pamene alikukula aphunzitsi awapeta monga mai apeta mphale m'licero. Otsalawo, atakhala anyamata, alowa mpikisano wa MHL, umene unayamba m'caka ca 2009.

Kodi nkoyenera kuweruza mwana asanakhwime? Ena ati, kuongola mtengo mpoyamba. Ndipo sanama ai, pakuti phazi losazolowera madzi oumawo pa ubwana lidzabvutika nao pa ukuru. Koma ife titi, kuongola nkwina, kudula nkwina. Taonani, mwana wobadwa m'Januwale ndi mnzace wa m'Disembala ayesedwa muyeso umodzi, cinkana wina aposa mnzace miyezi 11. Mphunzitsi ayesa kuti waona luso, pamene waona msinkhu cabe. Wamng'onoyo acotsedwa, napita kwao ndi manyazi, makolo atataya kale ndalama zambiri pa zobvala, ndipo iye mwini akhulupirira kuti ali wacabe.

Tikumbukire Valeri Kharlamov. Ali mwana anadwala mtima, madokotala namletsa masewera. M'caka ca 1962 atate wace anamka naye ku CSKA ali wa zaka 14, pamene sukuluyo inalikulandira a zaka 13. Ndipo popeza anali wocepa thupi, anayesedwa mmodzi wa iwo. (Cinyengo cimeneco siticiyamikira, cinkana cinabala zabwino.) Pozindikira zaka zace, mphunzitsi Boris Kulagin sanamcotse. Koma Anatoly Tarasov, mkuru wa CSKA, munthu wanzeru ndithu, amene m'caka ca 1964 anayambitsa mpikisano wa ana osewera pa mabwalo a kunyumba kwao, anamuona mnyamatayo wamng'ono msinkhu, namkayikira. Potero m'caka ca 1967 anatumizidwa kutali ku Chebarkul, ku mapiri a Ural, kukasewera m'gulu laling'ono.

Kumeneko anagoletsa kowirikiza, Kulagin namnenera kwa Tarasov, ndipo m'caka ca 1968 anamuitananso ku Moscow. Yemweyo anapambana pamodzi ndi anzace pa masewera a Olimpiki m'zaka za 1972 ndi 1976. Cipeto cinamtaya, koma anali naye munthu mmodzi wakumtola pansi. Ndipo ana ambiri ocotsedwa pa zaka 10 alibe Kulagin wao.